Mita yoyezera magetsi: iti yoyenera chigayo, baraka kapena sola yanu?

Motor ya chigayo ikapsa, mwini wake amayamba kudziwa ndi mphuno. Kafungo ka waya wopserera, kenako zii. Chotsatira ndi ulendo wa ku Ulónguè kapena ku Tete kukafuna mmisiri wokulunga mawaya, chigayo chili chotseka, amayi a m'mudzi akusenza chimanga chawo kupita kwina. Koma nthawi zambiri motor siifa tsiku limodzi. Imakhala ikutentha kwa masabata, kungoti panalibe chida choonera. Ndikulemba kuti motor dala: abale athu a ku Ntcheu ndi ku Dedza amati mota, koma kuno mukanena mota munthu aganiza njinga yamoto.

Nkhani ino ndi ya eni zigayo, eni mabaraka okhala ndi firiji, owotcherera zitsulo, otchajitsa mafoni ndi alimi othirira madimba ndi bomba, kuyambira ku Ntengo-wa-Mbalame mpaka ku Furancungo ndi Chidzolomondo. Mamita ali mbwee m'masitolo ndi m'misika ya mbali zonse za malire. Amaoneka ofanana, koma ntchito zake n'zosiyana, ndipo ena amatha kuvulaza munthu.

Mavolti ndi maampere

Amene wathirirapo mbatatesi ndi payipi akudziwa kale. Pali mphamvu imene madzi akukankhira m'payipi, palinso kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. M'waya, kukankhako ndi mavolti, chizindikiro chake V. Kuchuluka kwa magetsi odutsa ndi maampere, chizindikiro chake A. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza pafupifupi mawati, ndiye mphamvu imene chipangizo chikudya. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chadya kWh imodzi, ndipo kWh ndi imene mumagula pa Credelec.

Magetsi a Electricidade de Moçambique, EDM, amafika m'nyumba pa mavolti 220 pa fase imodzi, ndi 380 pa mafase atatu amene zigayo zimagwiritsa ntchito. Ku Malawi a ESCOM amawerengera 230 ndi 400. Mbali zonse ziwiri ndi ma hertz 50, choncho mita yogula ku Lizulu kapena ku Tsangano Turn-off igwira ntchito kuno bwinobwino. Amisiri amati magetsi akakwera kapena kutsika mosapitirira 10 peresenti zipangizo zimapirira. Pa 220, malirewo ndi 198 ndi 242. Manambala awiri amenewa ndi oyenera kulemba pakhoma pafupi ndi mita.

Contador wa Credelec tisamusokoneze ndi mamita amene tikukamba pano. Ameneyo ndi wa EDM, ntchito yake ndi kuwerenga zimene mwadya, ndipo chidindo chake sichidulidwa.

Mamita ogula ali m'magulu anayi. Pali multímetro, ka m'manja kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. Pali pinça amperimétrica, yokhala ndi kukamwa kotseguka ngati dzanja la nkhanu, imene imayeza maampere pongokumbatira waya osaudula. Pali mamita okhomera pa quadro, amene amakhala pamenepo usana ndi usiku. Pomaliza pali kamita kolowetsa pa tomada, chipangizo n'kulowetsedwa pa iko.

Pa chigayo

Apa m'pamene pali ndalama zambiri zoti zitayike. Chigayo cha dizilo nkhani yake ndi ina. Tikunena cha magetsi a mafase atatu.

Yambani ndi kachitsulo kokhomedwa pa motor, kamene amisiri amati chapa. Pamenepo palembedwa ma kW kapena ma CV, mavolti, ndi maampere amene motor iyenera kukoka ikalemedwa mokwanira. Motor ya 15 kW, imene ili pafupifupi 20 CV, imakoka maampere pafupifupi 30 pa mavolti 380. Nambala ya pa chapa ndiyo imakuuzani mita yoti mugule. Amperímetro yabwino ndi imene singano yake imakhala chapakati kapena kupitirira pang'ono motor ikugwira ntchito. Pa motor ya maampere 30, mita yofika 50 kapena 60 ndi yoyenera. Mukagula ya 400, singano izingogwedezeka pang'ono m'munsi ndipo simudzasiyanitsa 28 ndi 36, chonsecho 28 ndi ntchito yabwino pamene 36 ndi motor imene ikupsa pang'onopang'ono.

Musadabwe singano ikathamangira kumapeto poyatsa. Motor yoyatsidwa mwachindunji imakoka maampere ochuluka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kwa kamphindi kochepa. N'chifukwa chake pali ma amperímetro opangidwira motor, amene kumapeto kwake kuli malo owonjezera olandira kudumpha kumeneko. Uzani wogulitsa kuti mukufuna ya motor.

Pa maampere ochuluka, mita siilumikizidwa pa waya mwachindunji. Waya umadutsa m'kamphete kotchedwa transformador de corrente, ndipo kampheteko ndi kamene kamatumiza uthenga ku mita. Pa kamphete pamalembedwa 50/5 kapena 100/5, ndipo nambala yomweyo iyenera kupezekanso pankhope ya mita. Mukaphatikiza kamphete ka 100/5 ndi mita ya 50/5, mita izisonyeza theka la zoona: motor ikukoka 40, inu mukuwerenga 20 n'kumauza mnyamata kuti awonjezere chimanga. Choncho gulani ziwirizi pamodzi. Chinanso chimene mmisiri aliyense amadziwa: timawaya tochoka pa kampheteko sitimasulidwa motor ikuyenda, chifukwa pamabadwa mavolti ochuluka otha kupha.

Singano kapena manambala? Pa chigayo ine ndingasankhe singano yaikulu. Fumbi la ufa limaphimba kagalasi, ndipo mnyamata wothira chimanga amaona singano ali patali, osasiya ntchito. Jambulani kamzere kofiira pagalasi pamene pali nambala ya pa chapa. Singano ikadutsa mzerewo ndiye kuti akuthira mothamanga, kapena chimanga n'chachinyezi, kapena sefa yatsekeka, kapena nyundo zatha. Mita imeneyi imaphunzitsa wantchito kuposa kumukalipira.

Mavolti nawo ayenera kuoneka pa mafase onse atatu. Mutha kuika ma voltímetro atatu, kapena imodzi yokhala ndi kachopotokola kosinthira fase. Mita imodzi yoona mbali imodzi yokha imanyenga, chifukwa chimene chimapha motor kawirikawiri ndi kusiyana kwa mafase. Mukawerenga 380, 378 ndi 382, gayani. Mukawerenga 380, 381 ndi 355, imani. Kusiyana kwa 1 peresenti pa mavolti kumatha kubweretsa kusiyana kwa 6 mpaka 10 peresenti pa maampere, ndipo mbali imene ikukoka kwambiri ndi imene imayamba kupserera. Choopsa kuposa zonse ndi fase imodzi kusoweratu. Motor imene ikuyenda kale siima, imangosintha kulira n'kumapitiriza pa mafase awiri mpaka itapsa. Vuto lotere silichokera kunja nthawi zonse. Bawuti imodzi yomasuka ndi kugwedezeka kwa chigayo, kapena fyuzi imodzi yakufa m'quadro yanu yomwe, imachita zomwezo.

Koma ndinene mosabisa: mita imangoona, siizimitsa. Zimene zimazimitsa motor ndi relé térmico, yochunidwa pa maampere a motor yanuyo, ndi relé de falta de fase. Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha, yambani ndi ma relé, mamita adzabwera mukagulitsa soya. Ndipo relé ikamagwa kawirikawiri, kuyikweza nambala kapena kuyilambalala ndi waya si kukonza. Imeneyo ndi nthawi yoitana mmisiri abwere ndi pinça, ayeze waya uliwonse pawokha.

Baraka, firiji ndi makina owotcherera

Pa fase imodzi zinthu n'zosavuta. Mwini baraka amene safuna kugwira waya angogula kamita ka pa tomada. Kamasonyeza mavolti, mawati ndi ma kWh. Chenjerani ndi mapulagi okha: za ku Malawi zimabwera ndi mano atatu amakona, pamene tomada zambiri kuno ndi za mano awiri obulungira. Ka adaptador kogwedera pa firiji kamatentha.

Kamita kameneka kamayankha funso limene ogulitsa zoziziritsa ambiri sadziwa yankho lake: kodi firiji ikudya zingati? Tiyerekeze kuti ikukoka mawati 120 ndipo injini yake imayaka maola 12 pa tsiku. Ndiye 1.44 kWh pa tsiku, pafupifupi 43 kWh pa mwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa kWh wa pa lisiti lanu la Credelec, mudziwa ngati botolo lililonse likubweza magetsi ake. Mukaona kuti injini siikupuma n'komwe, onani labala wa pachitseko.

Ntchito ina yaikulu ya voltímetro ndi kukuuzani amene walakwa. Magetsi akamafooka madzulo, tonse timathamangira kuloza kunja. Nthawi zina n'zoonadi, makamaka kumapeto kwa mzere wautali. Koma taonani masamu awa. Waya wa kopa wa 1.5 mm² wokokedwa mamita 100 kuchoka panyumba kupita ku baraka, ukanyamula maampere 10, umataya mavolti pafupifupi 24 m'njira. Kuchoka pa 220 mwatsala ndi 196, pansi pa malire aja. Waya wa 2.5 mm² pa mtunda womwewo umataya pafupifupi 15. Ndipo mawaya ena otchipa a pamsika ndi aluminiyamu wopaka kopa pamwamba, amene amataya kuposa pamenepa.

Kuyeza kwake n'kotere. Yatsani zipangizo zonse. Yezani pa tomada yoyandikana ndi contador, kenako pa tomada ya ku baraka. Mavolti akakhala abwino koyamba koma otsika kumapeto, vuto ndi waya wanu kapena pa mfundo zolumikizira. Akakhala otsika konsekonse, ngakhale mutazimitsa zanu, nkhaniyo ndi ya ku EDM. Kuyeza zipangizo zili zozimitsa sikuthandiza, chifukwa waya wowonda umasonyeza 220 pamene sukunyamula kanthu.

Owotcherera zitsulo afunika pinça. Makina awo amakoka modumphadumpha, ndipo multímetro wamba imalekera pa maampere 10. Pinça imakumbatira waya umodzi wokha. Mukakumbatira chingwe chonse chokhala ndi mawaya awiri mkati, muwerenga ziro, chifukwa magetsi opita ndi obwerera amafafanizana. Ambiri abwezapo pinça yabwinobwino kusitolo pa chifukwa chimenechi.

Amene mumadalira gerador, funani mita yoyezanso Hz. Gerador yaing'ono imayenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi kuti ipereke ma hertz 50. Nambala ikatsika kwambiri mukayatsa zipangizo, injini yalemedwa kapena yatopa.

Sola ndi mabatire

Midzi yambiri ya ku Tsangano ndi Macanga ili kutali ndi mapolo. Boma linakhazikitsa Fundo de Energia, FUNAE, mu 1997 kuti lifikitse mphamvu kumadera otere, ndipo pulogalamu ya Energia para Todos, imene inayamba mu 2018, ikufuna kuti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030. Pakadali pano, wometa tsitsi, woonetsa kanema ndi wotchajitsa mafoni amadzigulira okha panelo ndi batire pamsika. Kwa amenewa multímetro imabweza ndalama yake tsiku loyamba.

Magetsi a panelo ndi a batire ndi a mtundu wina. Ndi oyenda mbali imodzi, DC, pamene a EDM ndi AC. Pa mita, DC ili ndi chizindikiro cha mzere wowongoka wokhala ndi timadontho pansi, AC ili ndi kamzere kopindika ngati njoka.

Batire la asidi la mavolti 12, likadzaza n'kupuma maola angapo osalumikizidwa, limasonyeza 12.6 kapena 12.7. Pa 12.2 latsala pafupifupi theka. Pansi pa 12 latsala pang'ono kutheratu, ndipo kulifikitsa pamenepo usiku uliwonse ndi kumene kumalipha msanga. Mukuona kuti kusiyana kwa batire lodzaza ndi lotopa sikukwana volti imodzi. Apa ndiye singano siithandiza, pafunika mita ya manambala yosonyeza monga 12.45. Musayeze batire litangochoka pa panelo, limasonyeza 13 ndi kupitirira ngakhale lili lofooka. Ndipo pogula batire lakale, liyezeni babu kapena inversor ikuyaka. Lakufa limagwa nthawi yomweyo. Mabatire a lithium ali ndi manambala akeake, tsatani zolembedwa pa batirelo.

Pa panelo m'pamene anthu amaberedwa kwambiri. Kumbuyo kwake kuli kapepala kolembedwa Voc ndi Isc. Panelo la mawati 100 lotchajira batire la 12 limakhala ndi Voc ya 21 kapena 22, ndi Isc yapakati pa 5.5 ndi 6. Wogulitsa wochenjera amakuyezerani mavolti okha, inu n'kuona 21 n'kukhutira. Koma kapanelo ka mawati 20 nakonso kamasonyeza 21. Kukula kwenikweni kuli pa maampere. Tulutsani panelo padzuwa la masana, lisalumikizidwe ku china chilichonse, ikani mita pa 10A ya DC, gwirizitsani zingwe kwa kamphindi. Ngati kapepala kakuti 5.8 koma dzuwa lili phwee inu mukuwerenga 2.5, kapepalako kakunama. Wogulitsa wokana kuti muyeze wakuuzani kale zonse. Kuyeza kotereku n'kwa panelo limodzi lokha. Musayerekeze kuchita zimenezi pa batire, chifukwa batire limatulutsa maampere mazanamazana.

Amene akufuna pinça ya sola awerenge bwino. Ma pinça ambiri otchipa amayeza mavolti a AC ndi DC, koma maampere a AC okha. Pa bokosi pakalembedwa AC/DC, yang'anani ngati chizindikiro cha DC chili pambali pa chilembo A, komanso ngati pali batani lolembedwa ZERO kapena REL. Popanda zimenezo, pa waya wa batire siidzasonyeza kanthu.

Palinso mawu akuti True RMS. Ma inversor otchipa satulutsa magetsi osalala ngati a EDM, ndipo mita wamba imawerenga motsika pa iwo, mwina n'kukuchititsani kutaya inversor yabwino. Ngati bizinesi yanu imayendera inversor, mawu awiriwa akhalepo pa mita.

Alimi a bomba la sola, chenjerani. Mapanelo akalumikizidwa motsatana mavolti amawonkhetsana. Mapanelo 10 a mavolti 40 ndi mavolti 400 a DC, ndipo sazima dzuwa likadali kuwala. Imeneyo si ntchito ya kamita ka mabatire, komanso si ya munthu woima m'matope a m'dimba.

Musanapereke ndalama

Pafupi ndi mabowo a zingwe pamalembedwa CAT ndi nambala, motsatira muyezo wa dziko lonse wa IEC 61010. CAT II ndi ya pa tomada ndi zipangizo. CAT III ndi ya m'quadro ndi motor zokhazikika. CAT IV ndi ya pamene magetsi akulowera kuchokera kunja. Nambala imeneyi ikunena za mphamvu ya mita yopirira kudumpha kwadzidzidzi, monga kumene kumabwera ndi ziphaliwali m'dzinja, popanda kuphulikira m'manja. Ya pa quadro ya chigayo isachepere CAT III 600 V, ndipo zingwe zake zikhale ndi nambala yomweyo. Kamita kachikasu kotchipa kopanda CAT n'kabwino pa batire ndi panelo limodzi, basi.

Kulemba CAT pa pulasitiki aliyense angathe. Tsegulani kumbuyo muone fyuzi. Mita yabwino ili ndi fyuzi pa bowo la 10A, kawirikawiri yoyera ya seramiki. Zina zalembedwa kuti unfused, kutanthauza kuti mulibe chotetezera. Izi n'zofunika chifukwa cholakwa chimene chimachitika kwambiri n'chimodzi: munthu wayeza maampere pa panelo, waiwala chingwe chofiira m'bowo la 10A, kenako n'kukachilowetsa pa tomada. Pamenepo mita imakhala ngati waya wolumikiza mbali ziwiri mwachindunji. Mukamaliza kuyeza maampere, bwezerani chingwe m'bowo la V nthawi yomweyo. Fyuzi ikafa, igulidwe ina yofanana, osati kumangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya.

Yesani mita muli m'sitolo momwemo. Batire latsopano la tochi lisonyeze 1.5 kapena 1.6. Tomada ya m'sitolo isonyeze nambala yomveka. Gwedezani zingwe muone ngati nambala ikudumpha. Funsani lisiti. Mukafika kumudzi, yerekezani ndi mita ya mmisiri amene mumamukhulupirira. Kasikuludalaiva koyaka kaja, busca-polos, si mita. Kamayaka ngakhale mavolti atatsika kwambiri, ndipo padzuwa kuwala kwake sikuoneka, choncho musakadalire potsimikiza kuti waya wazima.

Kuwerenga mita ya pa quadro ndi kuyeza pa tomada mwini bizinesi angathe. Kutsegula quadro ya mafase atatu ndi kuikamo mamita ndi ntchito ya mmisiri wophunzira, magetsi atazimitsidwa, atavala nsapato, pansi pali pouma. Mukamuitana, mufunseninso za disjuntor diferencial ya 30 mA, imene imadula magetsi munthu akagwidwa. Maampere amene amapha munthu ndi ochepa kwambiri kuposa amene firiji imakoka.

Mita ikafika, gulaninso kope la sukulu. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala katatu: m'mawa, masana, ndi cha m'ma 7 koloko madzulo pamene aliyense wayatsa zake. Pa chigayo lembani mafase onse atatu ndi maampere. Mukapita ku ofesi ya EDM ndi kope losonyeza 190 madzulo aliwonse kwa masabata awiri, amisiri amadziwa poyambira, kusiyana n'kungowauza kuti magetsi akumafooka. Mmisiri wa motor nayenso amaona m'kope momwemo tsiku limene maampere anayamba kukwera.

Kabatire ka mkati mwa mita kakafooka, mamita ambiri otchipa amayamba kusonyeza manambala olakwika, nthawi zambiri okwera. Chizindikiro cha batire chikaoneka pa kagalasi, sinthani musanayezenso. Ndipo nyengo yothirira ikatha, ngati mita ikhala m'bokosi mpaka chaka chamawa, chotsanimo batirelo kuti lisadonthere mkati ndi chinyezi cha m'dzinja.